Kathumba ka Mphiri

Lachinayi, ku labotale ya ku Sandringham,
nditatsuka timabotolo,
Dokotala Tshabalala anandikodola:
"Nagama, tasuzumira."

Pansi pa galasi, kanyama ka kuseri kwa diso la mphiri,
kopyapyala ngati khoko la anyezi.
Maselo ali ndandanda, m'kati mwake timadontho mbwee.
Akuti ndi mapuloteni amenewo,
opindidwa bwinobwino, omangidwa m'timafukusi
kuti asapweteke mwiniwake.
Ena osungunula mnofu,
ena oletsa magazi kuundana,
onse ali duu, kudikira dzino.

Madzulo mu takisi ya ku Alex
wina anandifunsa dzina la chigongono m'Chizulu.
Ndinameza Chichewa changa
pamodzi ndi mawu ena aja.
Ndinagwira tsaya mpaka potsikira.
Kuseri kwa chibwano kunali kutentha.