Azondi a Mlonda wa ku Łódź

Ku Łódź chisanu chamata mawindo,
sitima yomaliza ya mumsewu yadutsa yopanda munthu.
Ndili m'kanyumba ka pa geti la fakitale yakale ya nsalu,
tiyi wazizira m'kapu, foni yatsamira botolo la shuga.
M'kagalasi kake muli dziko langa lina:
linga, nkhokwe zitatu, akavalo zikwi ziwiri
amene sadya msipu, amadya tulo tanga.

Kum'mawa kwa mapu, kuseri kwa nkhalango yojambula,
kuli mudzi wa munthu wodzitcha Kadzidzi wa ku Lublin.
Halszka, mtsogoleri wa gulu lathu, walemba kale katatu:
Bogumił, ukudikira chiyani? Mumenye!
Koma ine ndinapsapo chaka chatha.
Ndinathamangira chipata chooneka chosatseka,
asilikali anga anathera pomwepo ngati ngumbi pa nyali.
Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndiye ndimayamba ndatuma azondi.
Asanu Lolemba, anabwerako awiri.
Khumi Lachiwiri, ndipo anandiwerengera zonse:
oponya mivi mazana asanu ndi limodzi,
mpanda wokhuthala, chitsulo chodzaza mpaka kutayika,
koma nsanja ya kumpoto sanaimalize.
Ndimalemba kumapeto kwa buku la pa geti,
pansi pa nambala za malole a dzulo.

Manambala sanandikwane.
Ndinayamba kuzonda mwini wake:
nthawi imene kadontho ka dzina lake kamabiriwira,
nthawi imene kamazima.
Masana kulibe. Amalowa leveni koloko usiku,
amamanga, amatuma amalonda kumsika,
kenako thu koloko ikakwana, zii.
Mphindi makumi anayi, usiku uliwonse, osaphonya.
Folo koloko, zii kachiwiri.
Pamenepa ndiye pakhosi pake, ndinatero,
ndikuzunguliza nthawiyo ndi cholembera chofiira.

Lachisanu ndinafoletsa ankhondo.
Ulendo ndi wa mphindi makumi atatu ndi zisanu,
akafika mwini mudzi atachokapo.
Chala chili m'malere, uthenga unagwa:

"Mlonda, azondi ako ndimawaona.
Amafika wanu koloko itangopitirira,
ndikuganiza utamaliza kuzungulira mpanda wako weniweni ndi tochi.
Nanenso ndili ndi kabuku.
Ngati ukubwera thu koloko, bwera.
Ndiyo nthawi imene ndimatembenuza bambo anga pabedi
kuti msana usachite zilonda,
n'kuwamwetsa madzi ndi supuni.
Tirigu ndamusiya poyera, nyamula.
Koma akavalo oyerawo usawaphe,
bambo amakonda kuwaona akadzuka.
Ndine Remigiusz."

Ndinangoti kakasi.
Kunja mphepo inagubuduza chitini pa simenti,
galu wa pa fakitale anauwa kamodzi, n'kuleka.
Sabata yathunthu ndakhala ndikuwerenga mivi ya munthu,
ndikudziwa mphindi imene amadzuka pampando,
osadzifunsa n'kamodzi komwe kuti amapita kuti.
Ndipo iye, chikhalireni, amandiwerenga ine:
wosaka ndi wosakidwa, tonse maso gwa,
aliyense ndi kabuku kake.

Halszka walembanso: Watumiza?
Ndamuyankha kuti mpanda wake wakwera usiku uno,
tidikire kaye.
Bodza, inde. Mawa adzatuma azondi akeake,
adzaona yekha, adzandikalipira pamaso pa gulu.
Mwina sabata yamawa ndidzamenya ndithu,
pakuti masewera ndi masewera,
ndipo chitsulo chija ndikuchifunabe.

Koma lero thu koloko itakwana
kadontho kanazima monga mwa masiku onse.
Ndinabweza ankhondo ku linga,
n'kutuma mzondi mmodzi yekha, wopanda lupanga,
akaime pafupi ndi nsanja yosamalizayo,
ayang'ane njira zonse zinayi
mpaka kadontho kabiriwirenso.

Ntchito yanga ndi yomweyo basi.
Ndinatenga tochi, ndinavala chijasi,
ndinatuluka kukayesa maloko.