Nkhope pa Chinsalu

Ku Ndirande, kuseri kwa chigayo,
tinkapereka makobidi awiri kwa Che Mpunga
n'kukhala pa thabwa, mawondo akugundana,
m'chisakasa chomata ndi makatoni.

Wakuda akatulukira pa kanema
tinkadziwiratu: uyu safika kumapeto.
Ankanyamula chikwama cha bwana,
kutiseketsa pang'ono, kenako chipolopolo.
Ife n'kuwomba m'manja,
osadziwa kuti malirowo ngathu.

Dzulo ndinabwererako, imvi zili mbuu.
Chinsalu choyera achikoleka pa khoma la sukulu,
jenereta ikutsokomola.
Mwana wa Nasiwelo, uja tinkamutuma machesi,
ndiye wajambula.

Mwadzidzidzi, Abiti Jafali wa tomato mu Limbe,
nkhope kukula ngati phiri la Soche,
mpata wa mano uli poyera,
akukalipira kondakitala m'Chiyao chosasukuluka.
Mwiniwake ali pambali panga,
wabisa maso m'chitenje:
"Akanandiuza, ndikanadzolako mafuta."

Ndinadikira chipolopolo.
Chizolowezi.
Sichinabwere.
Mayiyo anangowerenga ndalama zake, kumanga pamfundo,
n'kuyendabe mpaka mayina atayamba kukwera,
lake lili patsogolo.