Mayi Apita Kumsika

Lachiwiri lililonse, m'kalasi yozizira ya ku Kutaisi,
ndimagawa bolodi patatu ndi choko.
Kuno, ndimatero, kuli owerenga zotsatira:
amayeza misozi pasikelo ngati ogulitsa mchere,
chabwino n'chomwe chasiya olira ochepa.
Uku kuli osunga lamulo:
bodza ndi bodza ngakhale litavala jekete la chifundo,
ndipo munthu si khasu loti ulimire mtendere wako.
Gawo lachitatu ndimalemba belu litalira kale,
la ofunsa kuti, ukazolowera kuchita zimenezi
usanduka munthu wotani?

Ophunzira amakopera.
Nugzar, wokhala pawindo uja, amakonda funso la sitima yoduka mabuleki,
anthu asanu panjanji iyi, mmodzi pa inayo.
Amapha mmodziyo osaphethira
n'kufunsa ngati zibwera pamayeso.

Madzulo ndimawoloka mtsinje wa Rioni,
madzi ake otuwa ngati otsukira mbale,
n'kukwera masitepe a nyumba yathu yopanda chikepe.
Bambo anga, a Vakhtang,
amene anakonza mawotchi a mzinda uno zaka makumi atatu,
lero sadziwa chaka chomwe tili.
Ndimawapeza atavala chipewa, makapu awiri ali patebulo.
"Eteri, kodi Tsiala ali kuti?"

Mayi tinawaika zaka zinayi zapitazo,
chipale chikugwera pabokosi.

Poyamba ndinkanena zoona. Si ine mphunzitsi wake?
Ndinawagwira dzanja: Bambo, Mayi anatisiya.
Analira ngati uthenga wangofika kumene,
pakuti kwa iwo unali utangofikadi.
M'mawa mwake anafunsanso. Ndinanenanso.
Kakhumi ndi kamodzi ndinawaphera mkazi m'khitchini muja,
kakhumi ndi kamodzi anandifunsa
chifukwa chake sitinawaitane kumaliro,
chonsecho dothi loyamba anaponya ndi iwo.

Tsiku lotsatira ndinati, apita kumsika.
"Tchizi," anatero akugwedeza mutu.
"Amachedwa n'kukangana mtengo, mkazi ameneyo."
Anadya. Anagona.
Ine ndinachezera kuyang'ana denga.

Mchimwene wanga Gocha, pafoni kuchokera kutsidya kwa nyanja,
akuti ndawabera chuma chomaliza chomwe anali nacho,
ufulu wolira mkazi wawo.
Akunena zoona.
Koma kulirako sikufika m'foni mwake,
amangotumiza ndalama mwezi ukatha.
Namwino akuti chofunika n'chakuti adye.
Nayenso akunena zoona.
Zoona zandichulukira m'nyumba muno
ngati mawotchi a Bambo pakhoma,
iliyonse ikuloza ola lakelake.

Sabata yatha, ndikuwawenga zikhadabo,
anandiyang'ana ndi maso akale aja,
omwe ankaona kachitsulo kopindika m'mimba mwa wotchi.
"Msika umenewu," anatero, "sutseka?"
Lumo linaima m'dzanja langa.
"Usavutike. Uzingotero. Umanena bwino."
Kenaka anandifunsa ngati ndine mwana wa aneba.

Sindidziwa amene analankhula mphindi imeneyo,
Bambo kapena matenda,
kaya chinali chilolezo, kaya chigamulo.
Ndafufuza m'mabuku onse a pashelefu panga.
Onse amayamba ndi munthu amene amakumbukira dzulo.

Lachiwiri ndinagawanso bolodi patatu,
mizere yowongoka, ngati kuti moyo umamvera choko.
Nugzar anakweza dzanja.
"Nanga inuyo, aphunzitsi, muli gawo liti?"
Ndinapukuta zala pasiketi nthawi yaitali.
Ndinamuuza kuti zimenezo sizibwera pamayeso.
Kalasi inaseka.

Pobwerera ndinadzera kumsika.
Ndinasankha tchizi chamchere chomwe Mayi ankakonda,
ndinakangana mtengo mpaka wogulitsayo anakwiya,
ndinachedwa dala.
Kunyumba ndinachiika pambale, pakati pa makapu awiri aja.
Bambo anachinunkhiza, anamwetulira,
anacheukira kukhomo
n'kusendeza mpando wina uja pang'ono
kuti wobwerayo asavutike kukhala.