Muyezo

Anandiuza kuti masabata anayi.
Lino ndi lachisanu ndi chimodzi.

Kachidutswa ka bere langa, kochepa ngati njere ya mpunga,
kanakwera galimoto kupita ku Blantyre
m'kabotolo kolembedwa dzina langa.
Analilemba molakwika. Ndinaona,
koma ndinachita manyazi kuwauza.

Ine ndinatsala pa Luchenza,
pakhonde la sitolo ya a Khumbanyiwa,
ndikupalasa makina.

Nyengo ya maukwati yafika.
Amayi amabwera ndi nsalu m'majumbo,
amakweza manja, tepi yanga imazungulira pachifuwa:
sate eyiti, fote thu, ndimalemba m'kope.
Zaka khumi ndi zisanu ndikuyeza zifuwa za tauni ino
osaganizapo kanthu.
Tsopano zala zanga zimachedwa pamenepo.
Ndimafuna kufunsa: kodi posamba mumadzigwira?
Ndimangoti, tsitsani manja mayi, tatha.

Foni ndimayisunga m'bulauzi, mbali yamoyoyo.
Ikanjenjemera, mtima umati myuu.
Dzana anali a kampani, akutsatsa bandulo.
Dzulo anali Edina, mng'ono wanga wa ku Chonde:
kwabwera mneneri wopempherera madzi a m'botolo,
komanso akuti masamba a mpoza owiritsa,
komanso, achemwali, musalole mpeni,
mpeni umadzutsa matenda.
Ndinati zikomo. Ndinati netiweki ikuvuta.

Bambo a kunyumba alibe mawu.
Akonza chitseko chomwe chakhala chikulira zaka zitatu,
makina anga awathira oyilo kawiri sabata imodzi.
Usiku amagona kumapeto kwa bedi
kuopa kundigunda pabala.
Ndimamva kuti sakugona.
Iwonso amamva.

Lonjezo wamaliza mayeso a fomu folo,
akudziwa kuti mayi ake ali ndi chithupsa basi.
Amayendayenda m'nyumba, kudya zikhadabo,
amati, amayi, simungamvetse kuwawa kwa kudikira zotsatira.
Ndimati, inde mwanawe, pita ukatunge madzi.

Masiku atatu tsopano chiperoni chameza phiri la Mulanje.
Zovala siziuma, bala limayabwa.
Ndimayang'ana komwe phirilo limakhala,
kuli mbuu.
Lilipo ndithu. Sindikudziwa kukula kwake lero.

Ndawerengera kale ya minibasi yopita ku Gulupu,
kupita ndi kubwera, kasanu ndi kamodzi,
ngati anganene za mankhwala othothola tsitsi aja.
Pa zotsalira za nsalu za eni ake
ndadula mipango itatu, ndapinda m'mphepete,
kenako ndachita mantha kuti ndikuitana tsoka,
ndayibisa pansi pa katoni ya mabatani.
Lolemba usiku, panyuzipepala yakale,
ndinajambula bulauzi yokhala ndi kathumba mkati,
kumanzere, koikamo thonje.
Ikhoza kukhala bwino. Palibe angadziwe
kupatula telala mnzanga.

Mwina adzati si kanthu, mafuta chabe.
Mawu amenewo sindiwagwira nthawi yaitali,
amatentha.

Mmawa uno kwabwera a Nasimango,
mwana wawo akukwatiwa mwezi wamawa pa twente.
Afunsa, kodi diresi mudzatha, a Feliya?
Ndayang'ana kalendala ya pakhoma la sitolo,
mwezi wamawa uli mbee ngati nsalu yosadula.
Ndati, bwerani Lachinayi mudzayese.
Ndalandira ya chikole.

Atapita ndanyowetsa ulusi ndi malovu.
Ndaphonya diso la singano kawiri.
Kachitatu walowa.