Tsiku la Malipiro pa Luchenza

Adokotala a ku Thyolo anandimanga lamba pamkono,
napopa, napopa, napukusa mutu:
"Bambo Mulipa, magazi anu akuthamanga
kuposa thirakitala mumayendetsa m'minda ya tiyi.
Nkhumba muziionera patali."

Lero talandira.
Pa Luchenza chiwaya chikulira,
Nakhumwa wandikodola ndi mpeni wake:
"Bwana, nthiti zanu zija ndasunga!"
Ndaloza kumwamba ngati ndikuthawa chiperoni,
ndapalasa njinga osacheuka.
Mtima wokha ndiwo watsalira pamenepo.

Kunyumba Feliya ali pakhonde,
akusenda nandolo wamuwisi m'lichero.
Sanafunse za kaphukusi ka m'nyuzipepala
kankadontha mafuta mwezi ndi mwezi kaja.
Wangoti, "Mtedza uwo, manja muli nawo."

Ndasinja. Ana a pakhomo lina
aunjikana pampanda kudzaona zachilendo.

Madzulo mbale zabwera:
futali wa mbatata, nsinjiro zanga zomwe zija,
chigwada chofewa ngati sichinakhalepo tsamba,
peyala logwa lokha usiku wathawu,
ndi kalongonda, wowira chiyambire m'mawa,
amene ine ndinkamunyoza kuti ngwa chaka cha njala.

Sindinama, fupa ndimalilotabe.
Galu wathu Tilipo amandiyang'ana
ngati ndili naye ngongole.

Koma bondo lasiya kundidzutsa pakati pa usiku,
ndalama ya nthiti yagula nsapato za Chikumbutso,
ndipo lero, mbale itayera mbee,
ndaikankhira mwakachetechete kwa Feliya.
Iye wayang'ana kuphiri
kuti ndisaone kuti akuseka.