Obwereka

Chaka chimene tinaika Nangozo
ndinkatseka chitseko ndi mpiringidzo
dzuwa likuswa mtengo.
Chifunga cha ku Tsangano chinkatsika m'phiri
n'kukhala pakhonde ngati mlendo wosadziwa kutsanzika.
Kachewere anamerera m'matumba, ine chigonere.
Kuchipatala anandiyeza magazi, nandimvetsera pachifuwa,
ati mulibe nthenda.
Ndinabwerako ndi panado.

Ndiye panayamba kufika obwereka.

Nanzunga, mame ali kumapazi:
"Odi kuno, kamchere chabe."
Ndinadzuka ndikung'ung'udza.
Mawa lake Chidyaonga akufuna nkhwangwa,
koma osachoka, wayamba za ng'ombe yake yotsimphina,
ya mwendo uno, ayi, mwendo winawu,
mpaka mimba yanga inalira, ndinasonkha moto.
Ana a kwa Mashatira anakankha njinga yophwa,
ati kumata kwenikweni amadziwa ndi amalume okha.

Ndinkatukwana chamumtima.
Mudzi wanji wopanda singano,
wopanda chingwe, wopanda machesi?
Munthu osamulola n'kufa komwe mwaulemu?

Nkhwangwa sinabwerere.
Sabata, masabata atatu.
Mkwiyo unandiveka nsapato.
Njira inali itamera chisoso,
mawondo akunjenjemera ngati a mwanawang'ombe wobadwa kumene,
ndipo nditafika ndinaona, zotsamira khola,
nkhwangwa zitatu,
zonse zakuthwa kuposa yanga.
Chidyaonga sanachite n'komwe manyazi.
"Mwafika? Gwirani mwendowu, tiithire mankhwala."

Tsiku la msika ndinatsetserekera ku Lizulu.
Pakati pa kabichi ndi anyezi wa ku Mozambiki
ndinapeza Nanzunga atakhala kuseri kwa milu ya mchere,
akuyeza ndi kambale, akugulitsa.
Anandiona, nayang'ana kumbali,
mapewa akugwedezeka.

Madzulo ena pabwalo la ngoma
mzere wa amuna unali ndi mpata,
ngati dzino loguluka, pakati pa Chidyaonga ndi mlamu wanga.
Palibe anandiitana.
Palibenso anasendera kutseka mpatawo.
Phazi langa linaponda mochedwa, fumbi linadzuka ndithu.

Nangozo ndimamulirabe, makamaka mu Juni.

Mwana wa a Nzunga wabwera ku Joni mwezi watha
ndi chikwama chimodzi, maso ali pansi.
Chitseko chake sichitseguka.
Makasu ndili nawo anayi,
koma mawa m'mamawa, mame asanakamuke,
ndikabwereka khasu kwa iye.