Wakumchira

Bambo anga, Zakhar Yefremovich,
ankagwira ntchito chafutambuyo.
Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi
m'kachipinda ka kumchira kwa ndege,
okhaokha ndi mfuti ziwiri,
anzawo onse ali kutsogolo
ndipo panalibe khomo lopitira kwa iwo.
Kumene ankapita sankakuona.
Ankangoona kumene achoka.

Kuno ku Engels, m'mbali mwa Volga,
mainjini anayi akadzuka pakati pa usiku
masipuni ankavina m'kabati.
Amayi ankagwira zenera ndi chikhato
mpaka mkokomo utazilala,
kenako n'kuyamba kusenda mbatatesi
kunja kusanache, popanda wanjala m'nyumba.

Maola khumi ndi asanu m'mwamba,
pansi nyanja itauma gwa.
Mapulopela asanu ndi atatu, awiriawiri,
ili kupota kumanja, linzake kumanzere,
ankatafuna mphepo,
ndipo mphepo itawakwana
anatafunanso makutu a bambo.

Bomba sanaponyepo.
Ankapita nalo, n'kubwerera nalo,
ngati mphatso ya munthu
amene sunamupeze pakhomo.

Tsiku lina, kumtunda kwa Norway,
kandege ka adani kanafika pafupi,
pafupi moti anaona maso a mnyamatayo.
Chala sichinapite pa mfuti.
M'manja munali dzira lowiritsa
limene amayi anakulunga m'nyuzipepala.
Analikweza pagalasi.
Mnyamata uja anaseka,
akuti anadziwira mapewa.
Nkhani imeneyi amainena mokuwa,
ngakhale m'chipatala, ngakhale pamaliro.

Tsopano amalima nkhaka ndi kabichi
kuseri kwa njanji.
Ndege zija zikadalipo, zakalamba nawo limodzi.
Zikamadutsa sazimva.
Amaziona m'ndowa, madzi akamanjenjemera,
n'kuimika khasu.
Dzana anandigwira mkono.
"Rimma, zikunyamuka zolemera," anatero,
"koma pobwera zikutera mopepuka.
Katundu akumusiya kwa yani?"
Ndinayankha chapansipansi,
podziwa kuti sandimva.

M'basi yopita ku Saratov
amasankha mpando woyang'ana kumbuyo.
Ine ndimakhala moyang'anizana nawo,
thumba la nkhaka pamiyendo,
ndipo tikamawoloka mlatho
ndimaona m'magalasi awo a maso
tsidya limene tasiya
likuchepa, likuchepa,
iwo osaphethira.